Makiyi a sitolo ndi chingwe cha ku Fremont

Mwezi wathawu bambo ena amene ali ndi kampani yophika buledi anandiitana kuti ndikawathandize kukonzanso kayendetsedwe ka ntchito, ndipo ndisanakhale n'komwe pampando anali atanena kale chimene ankafuna, chomwe ndi kuchotsa antchito amene iwo ankawatcha alesi n'kulemba ena atsopano. Ndinawapempha kuti andilole kaye ndikhale masiku atatu m'chipinda chophikiramo, osalamula munthu aliyense, koma kungoyang'ana basi.

Ophika ankafika mbandakucha, koma makiyi a sitolo ya ufa ankakhala ndi wowerengera ndalama amene ankafika dzuwa litatuluka kale, choncho anthu ankangokhala pa mabenchi kudikira, ndipo bwana akamafika ankawapeza ali chikhalire. Uvuni wina unkapsereza buledi mbali imodzi, ndipo aliyense ankadziwa zimenezi, koma palibe amene ankanena, chifukwa mnyamata amene anayamba kudandaula za uvuniwo anamudula malipiro a buledi wopsererayo.

Madzulo a tsiku lachitatu ndinawafotokozera bambowo nkhani ya fakitale ya magalimoto ya ku Fremont, m'boma la California ku America. Fakitaleyi inali ya General Motors ndipo inali ndi mbiri yoipa kwambiri: antchito ankajomba kawirikawiri, ena ankamwa mowa pa ntchito, ndipo magalimoto ambiri ankatuluka ali ndi zolakwika, mpaka kampaniyo inatseka fakitaleyo mu 1982. Mu 1984 General Motors inagwirizana ndi Toyota kuti aitsegulenso pa dzina loti NUMMI, ndipo chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa anthu amene analembedwa anali omwe aja ankatchedwa osatheka. Mazana a iwo anatumizidwa ku fakitale ya Toyota ya ku Takaoka, ku Japan, kukaphunzira kagwiridwe kena ka ntchito, ndipo pasanapite nthawi yaitali magalimoto a ku Fremont anafika pafupi ndi a ku Takaoka pa ubwino wake.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi ndi chingwe chotchedwa andon, chimene chimalendewera pamwamba pa mzere wopangira magalimoto. Kale lamulo la ku Fremont linali lakuti mzere usaime zivute zitani, moti galimoto yolakwika inkangopitirira kuti ikakonzedwe kumapeto. Pa dongosolo la Toyota, wantchito akaona cholakwika amakoka chingwecho, mtsogoleri wa gulu amathamangira pomwepo kudzamuthandiza, ndipo vutolo likapanda kutha msanga mzere umaima. Kugula chingwe n'kosavuta. Chovuta n'chakuti bwana avomere kuti munthu wa malipiro ochepa ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito popanda kuopa chilango. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake General Motors inavutika kwa zaka zambiri kufalitsa njirayi m'mafakitale ake ena, ngakhale kuti akuluakulu ake ankapita ku Fremont kukaona ndi maso awo. NUMMI inatsekedwa mu 2010, General Motors itatulukamo chaka cha 2009 pa nthawi ya mavuto ake azachuma, ndipo lero pamalopo pali fakitale ya Tesla, kampani yopanga magalimoto oyendera magetsi.

Ife alangizi a zamabizinesi tili ndi chizolowezi, ndipo inenso ndilimo, cholemba chikalata chokhuthala cha masomphenya ndi zolinga chimene chimakathera mu kabati, pomwe zimene ndinawalembera bambowa zinakwana pa tsamba limodzi. Za makiyi anavomera tsiku lomwelo, ndipo tsopano makiyiwo amakhala ndi wophika wamkulu, amene amalemba m'kope matumba a ufa amene watulutsa. Uvuni uja anaitanira wokonza. Koma nditafika pa mfundo yoti asiye kudula malipiro a munthu wonena vuto, ndiponso kuti abweze ndalama za mnyamata uja pamaso pa anzake onse, anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati aganizirabe. Tinapangana kuti ndidzapitenso kumapeto kwa mwezi uno.