Lamulungu ku Bangwe: jezi ya nambala 9 yabwerako yoyera

Ndikulemba izi ndili pakhonde, mawu atasasa ndi kukuwa. Majezi onse a timu yathu ya mpira ndawanyika m'ndowa kupatula imodzi. Ya nambala 9 ndangoipinda n'kuibwezera m'chikwama, poti lero sinalawe thukuta.

Lachisanu tinapangana kuti aliyense apezeke pa siteji ya pamsika wa Ndirande pofika 11 koloko. Minibasi tinachita kubwereka kwa mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, ife kwathu kunali kuthira mafuta basi, ndipo mafutawo ndinawapeza dzulo nditatha maola atatu pamzere. Mmene imati 12 koloko anyamata 15 anali atakwana. Wa 16, mwini jezi ya nambala 9 ija, yemwe watimwetsera zigoli 11 mwa zigoli 19 zimene tili nazo mu ligi ya chaka chino, foni yake imangoitana.

Anatulukira pa kabaza nthawi itapitirira ndi mphindi 20, magalasi akuda ali kumaso. Asanatsegule n'komwe pakamwa, fungo linali litayankhula kale.

"Kunali ukwati wa asuweni, akulu."

Akochi anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kwera."

Tili ndi kope la malamulo limene tinalemba tonse ligi isanayambe. Wochedwa alipira K1,000. Wojomba kokonzekera kawiri pa sabata sasewera. Womwa usiku woti mawa kuli mpira akhala pa benchi. Tsiku lija amene anayamba kukweza mkono kuvomereza lamulo lachitatuli anali iyeyu.

M'njira munalibe nyimbo monga mwa masiku onse. Phokoso linangobuka pang'ono tikudutsa pa Chichiri, anyamata atasuzumira Kamuzu Stadium n'kuyamba kukangana za Maule ndi Manoma. Aliyense wa iwo amadziona tsiku lina akutuluka m'chipinda chosinthira pamenepo. Ine ndimangowerengera ndalama ya oyimbira, kuti kodi ikwana.

Bwalo la ku Bangwe limene tinasewerapo ndi lopendekeka, ndipo mwezi uno wa Okutobala udzu ndi nkhani yakale. Mizere anathira ndi phulusa. Golo limodzi linali ndi ukonde, linalo mitengo yokhayokha. Mpira ukadunda, fumbi limayamba lakwera kenako n'kumaona kumene walowera.

Akochi atatchula oyamba kusewera, kutsogolo anaikako kamnyamata ka Fomu 3 kamene sikanayambepo masewera a ligi. Apa ndiulule tchimo langa. Ndinawakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti mwina 9 uja alowe chigawo chachiwiri, mowa ukhala utatsika. Tili pa nambala 4, mapointi atatu okha kutsalira kwa amene ali pachiwiri, ndiye mtima unali pamenepo. Iwo anandiyankha osandiyang'ana: "Akulu, kope lija munalemba ndi dzanja lanu." Ndinangomeza malovu.

Chigawo choyamba tinasewera cholowera kumunsi ndipo mpira unakoma. Pa mphindi 23 tinapeza kona, wotseka kumbuyo wathu wamtali uja anaudumphira n'kuugunda ndi mutu, goloboyi wawo anangouona ukudutsa pakati pa mitengo n'kukagwera m'dimba la eni ake. Tinadikira mphindi zingapo ana akuusakasaka m'mipanda. Tisanapume, kamnyamata ka Fomu 3 kaja kanatsala kokha ndi goloboyi. Kanaima, kanaganiza, kanaganizanso, mpaka goloboyi anangobwera n'kutola mpira kumapazi ngati akutola bango logwa. Masapota athu ochepa amene anabwera pa matola anayamba pompo: "Mulowetseni 9! Akochi, mukutiphera timu!" Akochi manja m'thumba, osatembenuka.

Zimene zandipweteka lero si za mowa ayi. Ndi za kaputeni.

Chigawo chachiwiri tikukwera mtunda, pa mphindi 60 mpira unamenya mkono wa wotseka kumbuyo wathu m'bokosi. Kaya unali mkono wofuna kaya mpira ndiwo unafuna mkono, zimenezo tikhoza kukangana mpaka mvula itagwa. Oyimbira analoza penate. Kaputeni, munthu wamkulu, wa banja lake, amene Lachisanu lomweli amalalikira anzake za mwambo, anathamangira oyimbira kukawakalipira. Kadi yachikasu. Mmalo mochokapo anayamba kuwaombera m'manja pamphuno penipeni, monyogodola. Malamulo a mpira sanena za mawu okha, ngakhale kutsutsa oyimbira ndi zochita ndi kadi. Yachikasu yachiwiri, kenako yofiira. Makadi awiri pasanathe ngakhale mphindi imodzi, osamenya munthu, osagwetsa munthu, pakamwa ndi m'manja basi.

Amene anakamukoka kaputeni kumuchotsa m'bwalo anali 9, magalasi aja atavula. Ndi yemweyonso anatambasula manja kutchinga masapota athu awiri amene amafuna kulowa m'bwalo, akuwauza kuti mukapondamo mapointi atilanda pa tebulo. Masewera onse amathamanga ndi zigubu za madzi m'mbali mwa mzere. Sindikudziwa ngati anali manyazi kapena amafuna akochi amuone, koma madziwo anyamata anamwa.

Penate inalowa. Kuchokera apo tinali anthu 10, kukwera mtunda, dzuwa lili paliwombo. Goloboyi wathu anatipulumutsa katatu, kamodzi ndi nkhope. Akochi analowetsa onse amene anali pa benchi kupatula mmodzi. Kutatsala mphindi 5 miyendo inakana, ndipo mnyamata wawo wa kumapiko anadutsa anthu awiri ataima ngati zitsa n'kuchinya chachiwiri. 2-1.

Pobwerera wina kumbuyo kwa minibasi anayesa kutitonthoza kuti ngakhale Flames ku Cameroon mu Januwale 2022 inayamba kutsogola ndi chigoli cha patali chija cha Gabadinho Mhango, Morocco n'kudzabweza ziwiri. Goloboyi, mlomo utatupa, anayankha kuti iwo aja anagonja akusewera mpira, osati akuombera m'manja oyimbira. Palibe anaseka. Kaputeni anatsikira mu Limbe, akuti ali ndi kokaona.

Ndiye zinthu zili chonchi: Lamulungu likubwerali tikulandira timu imene ili pamwamba pa ligi, kaputeni sasewera chifukwa cha kadi yofiira, ndipo akochi anena kale kuti kansalu ka pamkono kaja akabweze Lachiwiri, ndi K2,000 pamwamba. Pa WhatsApp ya timu pagawanika. Ena akuti akochi ndi ouma mutu, mapointi atatu ataya dala. Ena akuti 9 akanalowa lero, mawa aliyense abwera ndi ukwati wa asuweni ake. Ine ndawerenga zonse osayankha, chifukwa masana ndinali mbali yoyambayo ndipo madzulo ano sindikudziwanso.

Posachedwapa, kutada kale, kwamveka odi pageti. Anali 9. Wandipatsa K500 yopindikapindika, akuti yotsalayo abweretsa Lachiwiri akalandira ya ganyu. Wafunsa ngati kokonzekera ndi 4 koloko monga kale. Ndamuuza kuti 4 koloko ya pa wotchi, osati ya kuukwati. Ndalemba m'kope muja pansi pa dzina lake: walipira 500, yatsala 500.