Okapi uja watseguka tsopano

Watseguka, anzanga! Okapi wanga, mpeni wakale wopinda umene mphete yake inauma gwa ndi dzimbiri, wagonja dzulo madzulo. Ndinayamba ndi palafini, kuuviika usiku wonse, koma sipuling'i ya kumsana osasuntha n'komwe. Viniga ndinamupewa dala, chifukwa amadya chitsulo cha kaboni n'kuchisiya chotuwa, ndiye zilembo zikanapita nazo. Chimene chathandiza ndi mafuta a makina osokera. Kudontheza pamsomali wapakati, kudikira, kugogoda pang'onopang'ono ndi kathabwa, kudonthezanso. Zofiira zinkatuluka ngati phala la mawere. Kenako timano tokhomera mpeniwo tinayamba kulira limodzilimodzi mpaka mpeni unakhoma.

Nditapukuta pafupi ndi chogwirira, zilembo zinaoneka bwinobwino: Made in Germany. Otsata mbiri ya Okapi mukudziwa kale zimenezi. Mipeniyi inayamba kupangidwa ku Solingen, mzinda wa ku Germany, mu 1902, ndipo mu 1988 dzina ndi makina omwe zinagulidwa n'kusamukira ku South Africa. Ndiye kuti uwu unapangidwa 1988 isanafike. Bambo wachikulire wa ku Ekwendeni amene anandigulitsa akuti unabwera m'sutikesi ya amalume awo pochokera kumigodi nthawi ya Wenela. Kamwezi ndi tinyenyezi ta pachogwirira zonse zilipo, palibe chinagwa.

Mayi a kunyumba ndiye sakumvetsa. "Inu abambo, mipeni yadzadza m'bokosi, ine tomato ndikudula ndi wobuntha. Uwu ndiye ntchito yake chiyani?" Mnzanga wina wogulitsa nyama pa Zigwagwa naye amati mpeni wosapha nkhuku si mpeni.

Ine ndimati kunola kulikonse kumadya chitsulo. Ma Okapi akale amene agwira ntchito zaka zambiri mwawaona mmene amaondera, mpaka ukapinda nsonga imatsala kunja kwa chogwirira n'kumaboola thumba. Wa ku South Africa ukatha, munthu amatumiza wina kwa a pa Joni. Wa ku Solingen ukatha watha, fakitale ija sikupanganso. Komanso chitsulo chimenechi chikangokhudza ndimu kapena tomato chimada pompo. Munthu amene anausunga mpeniwu anatsika pansi pa nthaka, n'kubwera nawo mpaka kuno kumpoto, ndiye ine ndiumalize posenda chinangwa? Ayi ndithu. Tupa siiyandikira pamenepa, mwala wonolera ngakhalenso sandipepala.

Wogwiritsa ntchito ndili nawo, Opinel nambala 8, umene ndimayenda nawo m'thumba. Umenewunso uli ndi matenda ake kuno ku Mzuzu. Chogwirira chake ndi mtengo, ndiye chinyontho chikachuluka chimatupa, mpeni n'kukanirira m'kati. Mankhwala ake ndi kugogoda kumapeto kwa chogwirira patebulo, nsonga imadzuka yokha. Amene mukufuna Victorinox, mpeni wopinda wa ku Switzerland, musamadutse a kaunjika wa zikwama osapisa m'matumba a m'kati. Wanga wofiira uja ndinaupeza chomwecho, sizasi yake ikudulabe. Ambiri a m'misikamu amangofanana mtundu wokha. Yang'anani dzina patsinde la mpeni waukulu, ndipo mverani mmene sipuling'i ikukhomera.

Nkhawa yanga pano ndi mawawa a mu June ndi July. Dzimbiri la kuno silichedwa, mlungu umodzi osapaka mafuta timadontho tayamba kale. Okapi ndaukulunga m'kansalu ka mafuta pamodzi ndi timapaketi ta silica gel ta m'mabokosi a nsapato. Ndikuganiza zokhometsa bokosi la paini wa ku Chikangawa, la galasi pamwamba, kalipentala wa ku Luwinga akanditchulira mtengo womveka. Likatha limenelo, ndiyenda midzi yonse kuyambira Mzimba mpaka Karonga kufunsa masutikesi a agogo, kufikira ma Okapi a ku Germany a saizi iliyonse atakwana.