Masamba a pamsewu

Mayi anga anatisiya m'bandakucha, mu June 2022, nyengo ija chisanu chimatsika m'phiri la Zomba n'kulowa mpaka m'mafupa. Tisanakweze mawu, amalume anatuma mnyamata kwa amfumu, poti kwathu kuseri kwa Chinamwali maliro salirika amfumu asanamve. Dzuwa likutuluka, anyamata anali atathyola kale nthambi za mango n'kuziyala pamsewu, zina kumtunda kwa nyumba, zina kumunsi.

Za tsiku limenelo zambiri zinandiuluka. Amene anayamba kundipepesa sindikumukumbuka, ngakhale nyimbo zimene amayi a Mvano anachezera kuimba pasiwa. Koma bambo wina wamakala ndimamuonabe m'maso mpaka lero. Ankalowera kutauni, matumba awiri ali pakaliyala, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Atafika pamasamba anatsika njinga, anavula chipewa n'kuchipanira m'khwapa, nayamba kukankha. Pamenepo m'pokwera, ndipo njinga inkamukokera m'mbuyo. Anakankha choncho, mutu uli pansi, mpaka anapitirira masamba achiwiri, ndiye anavala chipewa n'kumapita.

Bamboyo sankatidziwa, mayi anga sanagulepo makala ake, ndipo palibe akanamulipitsa akanangodutsa. Ine pakhonde paja misozi inayambiranso, koma mtima unakhalako pansi. Ndinaona kuti imfa ya mayi anga yaimitsako dziko, ngakhale kwa kanthawi kochepa.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamaona njinga zamoto za kabaza zikuponda masamba liwiro lili lomwelo, fumbi n'kumagwera m'miphika ya amayi amene akuphikira adzukulu. Anyamatawa ndimawamvetsa. Ambiri njinga si zawo, madzulo bwana akudikira ndalama yake, mafuta nawo adula. Koma kuchepetsa liwiro pakamtunda ka nyumba zitatu sikunagonetsepo munthu ndi njala.

Sindikunena kuti zonse za pamaliro n'zabwino ayi. Ndinaonapo adzukulu akunyanyala kumanda ati ndiwo zachepa, namfedwa n'kukongola ndalama thupi lili m'nyumba. Zimenezo n'zolanda. Koma lamulo lakuti wosapita m'maliro a anzake adzakumba yekha manda, ngakhale limamveka lankhanza, ndilo linachititsa kuti ife tisagwire khasu kapena chikuni. Nkhuni zinabwera, ufa unabwera m'timabeseni, khomo lililonse kakeko. Mayi wina amene tinakanganapo naye za malire a munda ndi amene anatunga madzi masiku onse atatu. Za malirezo sitinagwirizanebe, koma tikakumana kumjigo ndimayamba ndine kupereka moni.

Sabata yatha ndinakwera njinga yamoto kuchokera kumsika wa Zomba kupita ku Matawale. Titakhota kusiya tala, ndinaona masamba patsogolo.

"Achimwene, taimani nditsike."

"Mayi, tichedwatu. Ndingodutsa pang'onopang'ono."

"Ayi, ndiyenda pansi. Mukandipeze kutsogoloko."

Anang'ung'udza, koma anazimitsa injini. Ndikuyenda ndinamva matayala akukhwekhwereza kumbuyo kwanga, kucheuka, mnyamata uja akukankha njinga yake. Pakhonde panali mtsikana wazaka ngati 15, atafunda chitenje kumutu, akutiyang'ana.