Mabowo atatu okha: mmene mungayendere manda a mafumu ku Luxor

Pakhomo pa manda alionse ku Valley of the Kings, chigwa cha manda a mafumu akale a ku Egypt chimene chili kutsidya lakumadzulo kwa mtsinje wa Nile ku Luxor, pamakhala mlonda wovala mkanjo wautali, atagwira kachitsulo koboolera mapepala. Mukamupatsa tikiti, amaboola kamodzi n'kukulozerani njira yotsikira pansi. Kabowo kameneko sikatsekekanso. Tikiti wamba ndi ya manda atatu basi, ndipo alendo ambiri amatha mabowo awiri m'mphindi 20 zoyambirira, poti angoona khomo lotsegula, waa, onse momwemo ngati nkhuku zathiridwa madeya. Akamafika pa manda amene anavutikira ulendo wonsewu, tikiti yatha, ogulitsa matikiti ali kumbuyo kuchipata, dzuwa lili pamutu.

M'chigwachi muli manda opitirira 60, koma otsegula tsiku limodzi ndi ochepa, ndipo amasinthanasinthana. Si nkhanza ayi. Mpweya ndi thukuta la anthu zimabweretsa chinyezi, chinyezicho chimafewetsa pulasitala, utoto umene wakhala zaka zoposa 3,000 n'kuyamba kusendeka. Choncho musanakwere tingolo tamagetsi tokufikitsani pakati pa chigwa, werengani kaye mndandanda wa manda otsegula tsikulo. M'nyumba yolandirira alendo muli chifanizo choonekera mkati cha chigwa chonse, chosonyeza mmene ngalande iliyonse inalowera pansi pa phiri. Weramani muone kunsi kwake: mudziwa manda otsetsereka kwambiri mawondo anu asanakuuzeni.

Mabowo atatuwo mukhoza kuwagawa motere, ngati mandawa ali otsegula. A Ramesses IV (KV2, imeneyo ndi nambala ya mandawo) ali pafupi ndi polowera, njira yake ndi yotakata ndiponso yosatsetsereka, abwino kwa agogo. Pamakoma muonanso zolemba zofiirira za Akhristu a Chikoputiki, mpingo wakale wa ku Egypt, amene anadzakhalamo patapita zaka mazanamazana. A Ramesses III (KV11) musawaphonye. Mukuyenda mupeza njira yakhota mwadzidzidzi, chifukwa okumba anabowolera m'manda a mfumu ina, Amenmesse, n'kukakamizika kusintha njira. Bowo lachitatu, ngati miyendo ili bwino, tsikirani kwa Merenptah (KV8), koma mudziwe kuti kutsika n'kosavuta, kukwera ndiye mulapa. Ofuna bata apite kumapeto kwa chigwa, kwa Tausert ndi Setnakht (KV14), kumene magulu a mabasi sakonda kufika.

Palinso manda a tikiti yapadera, ndipo apa ndi pamene anthu amataya ndalama. Aliyense amafuna Tutankhamun (KV62), amene Howard Carter anatulukira mu November 1922. Mandawo ndi aang'ono kwambiri. Muona mtembo wouma wa mfumuyo m'bokosi lagalasi, bokosi lamwala ndi chipinda chimodzi chojambulidwa. Golide yense anamutengera kunyumba yosungira zakale ku Giza. Ngati thumba likulola tikiti yapadera imodzi yokha, tengani ya Ramesses V ndi VI (KV9), yomwenso ndi yotsika mtengo pa zapaderazi. Mumatsika pang'onopang'ono m'khonde lalitali lolembedwa kuyambira pansi mpaka kudenga, kunja phokoso likuzirala, kutentha kukuwonjezeka, mpweya uli tsoo. Kenako khonde limatseguka kukhala chipinda chachikulu. Yang'anani kumwamba. Mulungu wamkazi wa thambo, Nut, wajambulidwa kawiri, thupi lake litatambasuka denga lonse, akumeza dzuwa madzulo, dzuwalo likuyenda m'thupi mwake usiku wonse, n'kubadwanso m'mawa. Pansi pali zidutswa za bokosi lamwala limene akuba anaswa kalekale. Anthu amafika apa akulongolola, n'kungoti zii. Imani mphindi zisanu, gulu lidutse, muone bwino. A Seti I (KV17), amene Giovanni Belzoni anapeza mu 1817, ndiwo okongola koposa, otalika mamita pafupifupi 137, koma tikiti yake ndi kangapo mtengo wa tikiti wamba. Sindinganene kuti ndi kuba, koma zimawawa.

Za kalipiridwe: malo akuluakulu masiku ano amafuna khadi la kubanki, ndalama zapamanja amakana. Ochokera kwathu kuno, pitani kaye kubanki mukafunse ngati khadi lanu latsegulidwa kugwira ntchito kunja komanso malire ake, poti ndi vuto la ndalama zakunjali makadi ena amangokanidwa pa makina. Koma musasiye mapaundi ang'onoang'ono a ku Egypt, chifukwa pali baksheesh, kandalama kothokozera munthu akakuthandizani. Mlonda akakuunikirani tochi pakhoma, akakukupizani ndi katoni, akatenga foni yanu kuti akujambuleni, dzanja likubwera. Mapaundi 20 akwana. Ngati simukufuna, nenani "la, shukran", kutanthauza ayi zikomo, musanalandire thandizolo, osati pambuyo. Chotopetsa kwambiri ndi kamsika kamene anakaika dala panjira yolowera ndi yotulukira, moti simungakalambalale. Wina akuponyerani nsalu paphewa, wina akuti mwala wa alabasitala ndi mphatso. Palibe mphatso pamenepo. Musagwire chinthu chimene simugula.

Nthawi ndiyo mankhwala a zonse. Chipata chimatsegulidwa 6 koloko m'mawa, ndipo mabasi ochokera ku Hurghada, tauni ya alendo m'mphepete mwa Nyanja Yofiira, amayamba kukhuthula anthu chakumma 9 kapena 10. Ngati mwagona kutsidya lakum'mawa kwa Nile, wolokani pa boti la anthu onse pafupi ndi kachisi wa Luxor, n'lotsika mtengo kuposa timaboti ta injini, kenako mugwirizane mtengo ndi wa takisi musanakwere, wa ulendo wonse pamodzi ndi kudikira. Madzi malita awiri pa munthu, chipewa, nsapato zogwira pansi. Kuyambira May mpaka September kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo musaganize kuti pansi pa nthaka ndi pozizira. Kujambula ndi foni amalola, koma osayatsa fulashi.

Kachisi wamkulu wa Karnak ndi mizati yake 134 mumusiyire madzulo, dzuwa litapendeka. Kachisi wa Hatshepsut ku Deir el-Bahari ndi wokongola koma alibe mthunzi, theka la ola likwana.

Malo amene oyendetsa alendo amakonda kudumpha ndi Deir el-Medina, mudzi wa amisiri amene anakumba ndi kujambula manda onse aja. Uzani wa takisi akufikitseni, tikiti yake ndi yapayokha. Maziko a nyumba zawo akadalipo, tinyumba topanikizana m'mbali mwa kanjira kamodzi. Anthuwa ankalipidwa tirigu ndi balere, osati ndalama. M'chaka cha 29 cha ulamuliro wa Ramesses III, yemwe uja wa manda okhota njira, chakudyacho chinachedwa, amisiri anaika zida pansi n'kukakhala pa makachisi a mafumu kudandaula za njala. Nkhaniyi inalembedwa pa gumbwa amene ali ku Turin, ndipo imatengedwa ngati sitalaka yoyamba yolembedwa m'mbiri. Aliyense amene anadikirapo malipiro mpaka mwezi kulowa unzake aimva bwino nkhani imeneyi.

Pamwamba pa mudziwo pali manda a mmisiri wina, Sennedjem. Masitepe ake ndi opapatiza, mumatsika mutawerama, ndipo mkati mumakwana anthu ochepa nthawi imodzi, choncho dikirani otuluka atuluke. Ndi kachipinda kamodzi, utoto wake wachikasu ukuwala ngati wapakidwa dzulo. Pakhoma lakum'mawa, iye ndi mkazi wake ali kudziko la akufa atavala zoyera, akulima ndi ng'ombe ziwiri, akufesa, akukolola tirigu wautali kufika m'mapewa, m'munda wozunguliridwa ndi madzi mbali zonse.