Njuchi zomwe zinasamukira m'wufa

Kwathu ku Chibavi nyumba zoyandikana nafe zonse zili ndi wufa, choncho nane ndinapita ku Taifa Maketi n'kukatenga wanga, wamkulu ndithu, kuti pa mpira ng'oma za masapota zizindigwedeza pachifuwa. Ndinalumikiza TV, dikoda ndi ampu pa soketi ya pabalaza. Mabowo atatha, wufa ndinamukokera magetsi kukhitchini, komwe kuli firiji.

Nyimbo zikamalira zonse zinali bwino. Kungotsitsa voliyumu, pankamveka kulira kotsika kosaduka: mmmmmm.

Apongozi anali atabwera kudzationa, ndipo ankagona pabalaza pomwepo chifukwa cha kuzizira kwa Juni, poti mbaula timaisiya kumeneko. M'mawa ndinawapeza atakhala tsonga, atafunda bulangete mpaka kumutu.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Kudzuka kumafuna kugona kaye, bambo. M'denga muno muli njuchi."

Nkhani inafika kwa alandilodi. Iwo ndi munthu wosachedwa pa zinthu zosafuna ndalama. Anabwera ndi makwerero, tochi ndi chisanza chofuka utsi, n'kulowa m'siling'i. Tinkangomva kutsokomola. Kenaka phazi lawo, lovala sokosi yobooka, linatulukira pamwamba penipeni pa tebulo lodyera. Njuchi sanapeze ngakhale imodzi. Mayi wina woyandikana nafe, ataona utsi, anati zimenezi si za makwerero ayi, n'zofunika mapemphero, chifukwa zouluka usiku nazonso zimalira chomwecho.

Apa m'pamene ndinaganizira wufa. Ndinazula ku ampu waya wa RCA, womwe umapititsa mawu ku wufa, kulira kuja kunasiya. Posangalala ndinagwira nsonga ya wayayo ndi chala, ndisanatsitse kabatani ka mphamvu kumbuyo kwa wufa, komwe ndinakapotokola mpaka kumapeto tsiku logula. Chinatuluka m'bokosi muja chinali BRRRRUUU! Mawindo ananjenjemera, mphaka anadutsa pakati pa miyendo ya mayi wa mapemphero uja, apongozi kapu ya tiyi n'kugwa. Alandilodi m'denga anakuwa kuti zawapeza.

Madzulo kunabwera mwana wa mlongo wanga, yemwe amaphunzira zamagetsi. Sanafunse zambiri. Anati popeza kulira kunasiya nditazula RCA, wufa ndi wabwinobwino; kukanapitirira, bwenzi tikukayikira ampu ya m'kati mwake. Anabwezera waya uja, n'kuyamba kuzula zinthu chimodzichimodzi. Atazula waya wa dishi kumbuyo kwa dikoda, m'nyumba munangoti zii.

"Malume, apa pali ground loop. Wufa ali ndi earth yake, njira yolumikizira chipangizo ku nthaka, kukhitchini, TV ndi dikoda zili ndi yawo kuno, waya wa dishi nawo ukubwera ndi yake kuchokera panja. Zikasiyana pang'ono chabe, kamagetsi kochepa kamayenda m'waya wa mawu. Magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, zomwe timati 50 Hz, ndipo amenewa ndi mawu otsika omwe wufa anapangidwira kuti aziwakuza. Ndiye akungogwira ntchito yake."

Alandilodi, atatsika ali ndi ndandaule kumutu, anati iwo amadziwa njira yachidule: kuthyola phini lachitatu la pulagi, la earth lija. Mnyamata uja anakana mwaulemu koma molimba. Phini limenelo ndi lomwe limatulutsa magetsi akathawira pa chitsulo cha chipangizo, ndipo mavolti 230 sasankha kuti uyu ndi mwini nyumba.

Anapanga zinthu zomwe zinandipweteka chifukwa cha kuphweka kwake. Zonse anazilumikiza pa ekisitenshoni imodzi ya pabalaza, waya wa RCA anausiyanitsa ndi mawaya a magetsi omwe ndinawamanga pamodzi ndi mphira kuti pazioneka paukhondo, kabatani kaja n'kukabweza pakati. Kulira kunachepa kwambiri. Kotsalako anati kadzatha ndi ka isolator koika pa RCA, kachipangizo kotsekereza kamagetsi kaja koma kolola mawu kudutsa. Pa waya wa dishi anati tisaike wamba, chifukwa dikoda imatumiza magetsi ku LNB, kachipangizo ka pa dishi kolandira siginolo, kudzera momwemo, ndipo tikawatsekereza tidzatsala ndi TV yopanda chithunzi.

Isolator ndinagula, mtengo wake wosadandaulitsa. Bolodi la siling'i ndi lomwe tikukanganabe. Alandilodi akuti ndilipire ine poti njuchi zinali zanga, ndipo awonjezerapo sokosi.