Kapu ya Malemu Bambo Anga ndi Tiyi wa Eni Ake

Popeza nkhaniyi yafika kale ku Chilobwe ndi ku Bangwe itamera nyanga ndi mchira, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha. N'zoona kuti ndinaoneka mumsika wa Ndirande Loweruka m'mawa nditavala masilipasi a mayi a kunyumba. N'zoonanso kuti ndinakhetsa misozi. Koma zoti ndinagwada ndi bodza lamkunkhuniza, chifukwa ndinangoterereka m'matope, ndipo bondo limodzi lokha ndi limene linafika pansi.

Kapu imene inandichititsa zonsezi ndi yachitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu, ndipo ili ndi chipsera chakuda pafupi ndi chogwirira. Malemu bambo anga anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Joni, kumene anapita kudzera ku Wenela, dzina limene ana a masiku ano amaliyesa la depoti ya mabasi basi. Anabwerera kwawo pambuyo pa ngozi ya ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu ataletsa zolemba anthu opita kumigodi. Wailesi, bulangete ndi njinga zimene anabwera nazo zinatha kalekale, koma kapuyi inatsala. Imakhala m'kabati yamagalasi pabalaza, pamwamba pa mbale zosungira alendo olemekezeka amene mpaka lero sanabwere, ndipo palibe amaloledwa kumweramo. Ine ndikaweruka kuntchito ndimangoiyang'ana, mtima n'kukhala pansi.

Tsikulo kunali chiperoni, ndipo nditalowa pabalaza ndinapeza pamalo pa kapu pali bwalo la fumbi lokha. Mwana wathu wotsiriza, uku akunyambita supuni ya phala, anati: “Amayi agulitsa zitsulo kwa abambo aja a sikelo.” Amene mukundiseka muyenera kudziwa kuti chitsulo chikalowa m'thumba la ogula zitsulo zakale, dzuwa likamalowa chimakhala chitasanduka koloboyi. Nthawi yodikira mayi a kunyumba kuti abwere kogula makala panalibe. Ndinaponda chilichonse chimene chinali pakhomo, ndinatapa ndalama ya ndiwo m'kachitini, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto kuchoka ku Zingwangwa, kudutsa pa Ginnery Corner ndi pa Kamuzu Stadium, zidendene zili panja pa masilipasi.

Kumene amisiri amakhoma zidebe ndi mbaula ku Ndirande munthu samva ngakhale maganizo ake omwe, koma maso anga anagwira ntchito. Ndinaiona. Inali m'manja mwa bambo wina wachikulire amene anakhala pa chidebe chovundikira, ndipo munali tiyi wamkaka wofuka nthunzi. Kapu imene ine sindinaigunditsepo mlomo kwa zaka zonsezi, bamboyo ankaviikamo mandasi.

Ndinayamba ndi ulemu. “Pepani madala, kapu mukumwerayo ndi ya malemu bambo anga.” Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasilipasi, pamene maso awo anakhalitsa pang'ono, kenaka anati: “Achimwene, kapuyi ndinagula ndekha ku Limbe.” Apa m'pamene ndinatsegula pakamwa ngati mlaliki wapamaliro. Ndinafotokoza za mdima wa pansi pa mgodi, za thukuta la bambo anga, za ndege ya ku Francistown imene iwo sanakwere n'komwe, ndiponso za chipsera chimene ndinalumbira kuti ndingachizindikire ngakhale magetsi atazima. Nyundo zinaleka kulira. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo, ndipo mmodzi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti: “Abwezereni bambo, za malemu sasewera nazo.” Kuterereka kuja kunachitika pamenepa.

Madalawo, ataona kuti msika wonse wawatembenukira, anavomera kuigulitsa pa K6,000, koma anati ayambe amaliza tiyi wawo, poti shuga wakwera mtengo. Ndinawawerengera ma K2,000 atatu, nkhope ya John Chilembwe ikundiyang'ana katatu konse ngati ikufunsa ngati ndaganiza bwino.

Sindinaonepo munthu akumwa tiyi mosafulumira chotero. Ankauzira, n'kupsontha pang'ono, n'kutseka maso ngati akupemphera. Ankanyema mandasi, kuviika, kudikira kuti afewe, kenaka kagawo kena kankagweramo ndipo ankakasaka ndi chala modekha ngati msodzi wa ku Mangochi. Ine ndinali chiimire, manja onse awiri nditatambasula ngati wolandira mgonero, khamu la anthu lili zii kudikira nane. Atafika pansi anaizunguza kuti shuga wotsalira asungunuke, anagugudiza, anayang'anamo, n'kupempha mnyamata wawo kuti awonjezeremo madzi otentha pang'ono otsukuluzira, amenenso anamwa. Wakabaza uja nthawi yonseyi ankawerengera ndalama yodikira.

Ndinafika kunyumba kapu ili pachifuwa, mawu odzudzula nditawakonza kale m'njira. Mayi a kunyumba anali pakhonde akusankha nyemba, kumapazi atavala nsapato zanga za kutchalitchi. “Bambo a ana, masilipasi anga abwerako?” Nditayamba mlandu wanga, anandilola kuti ndilankhule mpaka kumapeto, zimene zinayenera kundichenjeza. Kenaka anandiuza kuti wa sikelo uja anamugulitsa mbaula yobooka ndi mkombero wa njinga wadzimbiri basi. Analowa kuchipinda, anatsitsa sutikesi pamwamba pa wodilopu, n'kutulutsa kapu ya malemu bambo anga itakulungidwa mu juzi yanga. Ndinaibisamo ndine ndemwe Lachinayi usiku, nditamva kuti ana a mlongo wanga akubwera ndi mpira wawo wachikulunga.

Ena akuti ukalamba wayamba. Ine ndikuti munthu amene amabisa chinthu mpaka mwini wake osachipeza ndiye wodziwa kusamala, ndipo ana aja anabweradi n'kuswa galasi la zenera, moti nzeru yangayo inali yolondola. Komanso palibe anandiuzapo kuti makapu onse a mtundu umenewu amasupuka pafupi ndi chogwirira.

Vuto limene latsala ndi lakuti mwana wathu wamkazi, pofuna kuthandiza, anatsuka makapu onse awiri n'kuwaika pamodzi m'kabati. Mayi a kunyumba akuti akuidziwa yeniyeni, koma adzandiuza ndikadzabweza K6,000 ya ndiwo pamodzi ndi ya kabaza. Pakadali pano ndikaweruka ndimayang'ana onse awiri mofanana. Dzulo wakabaza uja anandiimitsa pamsewu n'kundiuza kuti madala a ku Ndirande akupereka moni, ndipo akuti alinso ndi mbale yachitsulo yooneka ngati ya malemu.