Chitsime chopanda mwini ku Allegheny

Za Lachitatu lapitali zikundiwawabe. Kampani yathu inatituma kukatseka ndi simenti chitsime chakale cha mafuta m'nkhalango ya Allegheny, kumpoto chakumadzulo kwa Pennsylvania ku America, mbali ya ku Bradford. Papepala abwana analemba kuti n'chouma. Chouma chake chiti? Tisanafike n'komwe fungo linatilonjera. Gasi amabwibwita m'matope, madzi amchere osakanikirana ndi mafuta akutsetserekera kukamtsinje ka nsomba za trout kali munsi mwake.

Titsegule galimoto kuti titenge zotchingira mafuta, mulibe. Kani anazipititsa kuntchito ina osatiuza. Kachipangizo koyezera gasi nako batire lake linali litatha, ndiye taganizani, anthu kuima pamalo oti kamoto pang'ono titha tonse, osadziwa kuti mpweyawo wachuluka bwanji. M'zigwa zimenezi netiweki kulibe. Mnzanga anachita kukwera phiri kukaimba foni, ena tonsefe tili jijirijijiri ndi mafosholo kuunjika dothi kuti uvewo usafike m'madzi. Atatsika anati akuofesi akuti tigwiritse ntchito zomwe tili nazo. Zotchingirazo zinafika dzuwa litapendeka, mafuta ena atalowa kale mumtsinje.

Mwini chitsimecho palibe akumudziwa. Kuno mafuta anayamba kukumbidwa mu 1859 ku Titusville, panthawiyo kalembera wa zitsime kunalibe, ndipo makampani ambiri a nthawi imeneyo anatha kalekale. Boma pokhazikitsa nkhalangoyi mu 1923 linagula pamwamba pa nthaka pokha. Zapansi, pafupifupi 93 pa 100 alionse, n'za anthu ndi makampani, ndipo khoti linagamula mu 2011 kuti oyang'anira nkhalango sangawaletse kukumba. Choncho ife tikutseka zakale, ena akuboola zatsopano kuseri kwa phiri lomwelo. Zimenezo n'za malamulo, sindingazisinthe. Koma kampani yotseka zitsime kutuma anthu m'tchire opanda zida, pamenepo sindingakhale chete.

Masiku enawo zinali za nthawi zonse. Lolemba mvula, galimoto ya simenti kutitimira pamsewu wodutsa m'mitengo ya black cherry. Lachiwiri tinamaliza chitsime china bwinobwino, simenti inagwira, ndinakhutira nacho. Lachisanu msonkhano wa chitetezo pantchito, abwana omwewo akutikumbutsa kuti tiziona zida tisananyamuke. Ndinawafunsa kuti makiyi a mosungira zida amakhala ndi ndani. Anati tikambirana Lolemba.